Ndalama Zimene Zimathera M'njira: Phunziro kwa Ochita Mabizinesi Ang'onoang'ono

Phunziro la sabata ino likupita kwa akhristu amene salandira malipiro kwa bwana aliyense pakutha pa mwezi koma anadzilemba okha ntchito: ogulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka, akalipentala a ku Mchesi, matelala, eni maokala ndi masaluni, ophika zakudya za pa maukwati, ndi anyamata a kabaza. Ambiri mwa iwowa amadziwa bwino mtengo wa belo, wa thabwa kapena wa lita ya petulo, ndipo wina akakweza ndi K200 yokha amazindikira tsiku lomwelo. Koma atafunsidwa kuti mwezi wathawu banki ndi kampani ya foni zawadula zingati, ndi ochepa amene angayankhe. Ndalama imeneyi sichoka pamanja ngati ya lendi. Imadulidwa mwakachetechete, K300 apa, K900 apo, ndipo uthenga wake umalowa pafoni munthu ali kalikiliki ndi kasitomala.

Kupatula ndalama ya pamwezi yosungira akaunti, pafupifupi machaji onse amabwera ndalama ikamasamuka: kuchoka ku banki kupita pafoni, kuchoka pafoni kukhala yapamanja, kuchoka pamanja kubwereranso ku banki. Kusamuka kulikonse kuli ngati kudutsa pa chipata cholipira cha pa Kalinyeke kapena pa Chingeni. Dalaivala amene akungopita ndi kubwerera pa msewu womwewo popanda chifukwa amalipira ulendo uliwonse, katundu ali yemweyo. Wamalonda amene akufuna kuchepetsa machaji ayambe wawerenga zipata zimene ndalama yake imadutsa.

Muyeso wake ndi phindu

Wamalonda akauzidwa kuti machaji akumudyera ndalama, kawirikawiri amayankha kuti ndi tindalama tochepa. Amatero chifukwa amatiyerekeza ndi ndalama zonse zimene zimadutsa m'manja mwake. Koma ndalama zodutsa m'manja si zake zonse. Zambiri ndi mpamba umene uyenera kubwerera kopikula katundu, zina ndi za lendi, za chiphaso cha kumsika, za mnyamata wothandiza. Zake zenizeni ndi phindu, ndipo ndi phindulo limene machaji amadya.

Nachi chitsanzo, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza. Mayi wogulitsa kaunjika amagulitsa katundu wa K1,200,000 pamwezi. Akachotsa mtengo wa mabelo, mayendedwe ndi zolipira kumsika, amatsala ndi K150,000. Machaji onse a ku banki ndi a pafoni akawaphatikiza akukwana K18,000. Poyerekeza ndi K1,200,000, ndalama imeneyi ndi 1.5 peresenti yokha, ndipo palibe amene angataye nayo tulo. Koma poyerekeza ndi K150,000 ndi 12 peresenti. Pachaka ndi K216,000, kutanthauza kuti mayiyu wakhala padzuwa mwezi wathunthu ndi pafupifupi masabata ena awiri kugwirira machaji okhaokha. Pang'onopang'ono ndi mtolo, kungoti mtolo uwu akusenzera ena.

Pali zifukwa zimene katunduyu wakhala akulemerera m'zaka zapitazi. Kuyambira mu November 2021, msonkho wa VAT, umene pa nthawiyo unali 16.5 peresenti, unayamba kukhudza machaji ena a mabanki. Kenako Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo itakwera, katundu yemweyo anayamba kufuna ndalama zambiri, ndipo popeza machaji ambiri amakwera malinga ndi kukula kwa ndalama imene ikutumizidwa kapena kutapidwa, wamalonda anapezeka akulipira zambiri pa bizinesi imene sinakule ngakhale pang'ono. Izi wamalonda sangazisinthe. Chimene chili m'manja mwake ndi njira imene ndalama yake imayenda.

Ulendo wa K80,000

Kalipentala wapanga tebulo, ndipo kasitomala wamulipira K80,000 pa Airtel Money. Madzulo omwewo akupita kwa ejenti kukatapa ndalama yonse, chifukwa mtima wake sukhazikika ndalama ikakhala pafoni. Chipata choyamba ndi chimenecho. M'mawa mwake akuganiza kuti akaisunga m'thumba aidya, choncho akukwera minibasi kukaisungitsa ku banki. Walipira minibasi popita ndi pobwera, ndipo pa mitundu ina ya akaunti banki imadulanso ndalama yosungitsira ndalama yapamanja. Patapita masiku awiri wapeza oda ya mipando ndipo akufuna matabwa. Wogulitsa matabwa akuti, "Ingotumizani pafoni." Kalipentala akukoka ndalama ku banki kupita pafoni, chipata china. Akutumiza kwa wa matabwa, chinanso. Wa matabwa akuimba foni: "Mwaiwala yotapira, bwana." Akutumizanso kandalama kena, ndipo katumizidwe kachiwirika kalinso ndi chaji yake.

Ndalama imeneyi inayambira pafoni ndipo yathera pafoni. Ikanangokhala pamene inafikira mpaka tsiku logula matabwa, ikanadutsa chipata chimodzi chokha. Kalipentalayu sanachite chinthu chopusa pa sitepe iliyonse. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka. Vuto ndi loti sanayang'ane ulendo wonse nthawi imodzi.

Funso loyenera kufunsa ndalama ikangolowa ndi lakuti: kodi ikupita kuti pomaliza, ndipo kumeneko amailandira motani? Ngati wopikulitsa amalandira pafoni, ndalama yolowa pafoni ikhale pomwepo kumudikira. Ngati amalandira yapamanja, ndalama yapamanja ya tsikulo ndi imene ipite kwa iye, osati kuilowetsa pafoni kenako n'kuitapanso. Ngati ali ndi akaunti ku banki yomweyo imene wamalonda amasungako, kutumiza kuchokera mu akaunti kupita mu akaunti kawirikawiri kumatsika mtengo kuposa kuzungulira pafoni. Ndipo m'masitolo akuluakulu a hadiweya, monga ena a mu msewu wa Malangalanga, kapena m'mahosela amene ali ndi makina a POS, kulipira ndi khadi nthawi zambiri sikudula wogula kanthu, pamene kutapa ndalama yomweyo pa ATM kukanamudula. Anthu ambiri amaima pamzere wa ATM kutapa ndalama imene akukailipira pa kauntala imene ili ndi makina olandira khadi lomwelo.

Nkhani ya "yotapira" ikufunika kuiganizira payokha, chifukwa yasanduka mwambo umene palibe amaufunsa. Kutapa kwa ejenti kumadula kwambiri kuposa kutumiza, n'chifukwa chake wolandira amafuna kuti wotumiza asenze mtengowo. Koma anthu ambiri amene amapempha yotapira satapa n'komwe. Ndalamayo amaitumizanso kwina, amagulira magetsi a ESCOM, kapena kulipirira madzi. Pakati pa anthu awiri amene amagulitsana katundu sabata iliyonse, nkhaniyi ndi yofunika kukambirana kamodzi n'kugwirizana: mtengo wa katundu ukhale umodzi, wodziwika, wophatikiza zonse. Ngati yotapira iyenera kulipidwa, ipite pamodzi ndi ndalama yaikuluyo pa katumizidwe kamodzi. Nayenso wamalonda amene amadandaula akauzidwa kuonjezera yotapira adzifunse ngati sachita zomwezo kwa makasitomala ake.

Kuwerenga sitetimenti

Palibe njira yachidule apa. Wamalonda afunika kupatula madzulo amodzi, kutenga kope ndi cholembera, n'kuona mmene ndalama yake yayendera miyezi itatu yapitayo. Mwezi umodzi sukwanira, chifukwa machaji ena amabwera kamodzi pa miyezi ingapo kapena pachaka, monga a khadi. Sitetimenti ya ku banki ndi imene imaonetsa zonse. Koma aonetsetse kaye, chifukwa kusindikizitsa sitetimenti pa kauntala nakonso kumakhala ndi chaji yake m'mabanki ambiri. Afunse ngati angaipeze pa app ya bankiyo kapena pa imelo. Za pafoni zimapezeka m'mauthenga amene Airtel Money kapena TNM Mpamba imatumiza pakatha katumizidwe kalikonse, bola asawafufute.

Sitetimenti imalembedwa m'Chingerezi cha ku banki, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amangoyang'ana nambala ya pansi n'kuipinda. Mawu ake si ambiri. Ledger fee kapena maintenance fee ndi ndalama ya pamwezi yosungira akaunti, imene imadulidwa kaya munthu wagwiritsa ntchito akauntiyo kaya ayi. SMS alert ndi malipiro a mauthenga odziwitsa kuti ndalama yalowa kapena yatuluka. Balance enquiry ndi mtengo wofunsa ndalama yotsala. Cash deposit fee kapena cash handling ndi ndalama yodulidwa posungitsa ndalama yapamanja. Bank to wallet ndi kukoka ndalama ku banki kupita pafoni. Pansi pa machaji ena pamaoneka kamzere kena ka VAT. Chilichonse mwa izi chilembedwe m'kope pa mzere wakewake, pamodzi ndi kangati kachitika ndi ndalama yake yonse.

Amene achita zimenezi kawirikawiri amadabwa ndi chinthu chimodzi: mzere umene uli ndi ndalama yambiri si umene ankauganizira. Wina amakwiya ndi ledger fee imene imabwera kamodzi pamwezi, koma amafunsa balansi kasanu patsiku, nthawi iliyonse kasitomala akanena kuti watumiza. Ngati banki yake imadula pa funso lililonse, chizolowezi chimenechi chikhoza kuposa ledger fee. Munthu wotere amalipira kawiri pa chinthu chimodzi, chifukwa akulipiranso SMS alert imene ntchito yake ndi yomweyo. Komabe kwa wamalonda amene amalandira malipiro kudzera ku banki, mauthengawa ndi ofunika kuwasunga. Ndi amene amamuteteza kwa anthu oonetsa uthenga wabodza pafoni yawo n'kunyamula katundu. Chofunika kusiya ndi kufunsafunsa balansi, osati mauthengawo.

Chachiwiri chofunika kukhala nacho ndi mndandanda wa machaji. Banki iliyonse ili nawo, amautcha tariff guide, ndipo kasitomala ali ndi ufulu woupempha. Wa Airtel Money ndi wa Mpamba umapachikidwa pa makontena a maejenti ambiri, ngakhale kuti nthawi zambiri umakhala wofufuma ndi dzuwa. Kuujambula pafoni sikutenga mphindi. Mindandanda imeneyi imasintha, choncho wa chaka chatha suyenera kudaliridwa.

Chimene mndandanda wa pafoni umaphunzitsa ndi chakuti machaji ali m'magawo. Ndalama kuyambira apa kufika apo ili ndi chaji imodzi, kupitirira pamenepo ina. Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, kutapa pang'onopang'ono kumadula kuposa kutapa kamodzi. Mongoyerekezanso: ngati kutapa K20,000 kuli K600 ndipo kutapa K100,000 kuli K1,800, munthu amene watapa K20,000 kasanu walipira K3,000 pa ndalama imene mnzake waitapa ndi K1,800. Chachiwiri ndi cha m'malire a magawo. Ngati gawo likuthera pa K20,000, kutapa K20,500 kumamulowetsa munthu m'gawo lotsatira, ndipo K500 yoonjezerayo ikhoza kuthera m'chaji yomwe. Wodziwa malire a magawo atatu kapena anayi amene amawagwiritsa ntchito kwambiri wadziwa zokwanira.

Za ATM n'zachidule. Kuyambira mu 2015, makina a mabanki osiyanasiyana analumikizidwa kudzera ku Natswitch, moti khadi la banki ina limatapa pa makina a banki ina. Ndi chinthu chothandiza pa tsiku la vuto, koma chimadula kuposa kutapa pa makina a banki yako. Kutapa pa kauntala m'kati mwa banki ndalama yaing'ono imene ATM ikanatha kupereka nakonso kawirikawiri kumadula.

Akaunti yanji, ndipo zingati

Pali amalonda amene ali ndi maakaunti atatu kapena anayi. Ina anatsegula akugwira ntchito pa kampani ina, ina anatsegula chifukwa anyamata a banki anabwera kumsika ndi matisheti, ina chifukwa anamva kuti kumeneko ngongole sivuta. Pa mitundu yambiri ya akaunti, ndalama ya pamwezi imadulidwabe munthu ataiiwala akauntiyo. Kusiya kugwiritsa ntchito akaunti si kuitseka. Kutseka kumafuna kupita ku banki ndi chiphaso cha unzika, kulemba kalata, ndi kulandira umboni woti yatsekedwa.

Kwa bizinesi ya munthu mmodzi, akaunti imodzi ya ku banki ndi nambala ya foni ya bizinesi zimakwanira. Ambiri amasunga nambala ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, kuti kasitomala aliyense alipire pa netiweki yake, ndipo zimenezi n'zomveka ngati kutumizirana pakati pa manetiweki awiriwa kukudula kuposa kutumiza pa netiweki imodzi.

Nanga akaunti ikhale yamtundu wanji? Akaunti ya bizinesi, makamaka imene amaitcha current account, imakhala ndi machaji okwera kuposa akaunti wamba yosungira ndalama. Anthu ena amaitsegula chifukwa dzina la bizinesi pa akaunti limaoneka bwino, ndipo ulemu umenewu amaulipira mwezi ndi mwezi. Koma ilipo nthawi imene imafunikadi. Telala amene akufuna kusoka mayunifolomu a sukulu, kapena mayi amene akufuna kuphikira misonkhano ya mabungwe, adzapeza kuti mabungwe ambiri salipira mu akaunti ya dzina la munthu; amafuna bizinesi yolembetsedwa, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi akaunti ya dzina la bizinesiyo. Pamenepo chaji ya pamwezi ndi mtengo wolowera pa msika waukulu, ndipo ndi yoyenera kulipira. Muyeso wake ndi wosavuta: kodi pali kasitomala weniweni amene akufuna akaunti imeneyi, kapena ndi wongoganiziridwa?

Mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, First Capital ndi Centenary amapikisana pofuna makasitomala, ndipo ambiri ali ndi maakaunti opangidwira anthu a ndalama zochepa kapena mabizinesi ang'onoang'ono. Wogwira ntchito ku banki sangathamangire kasitomala kukamuuza kuti akaunti imene ali nayo ndi yodula kuposa imene akufunikira. Safunsa anadya phula. Wamalonda apite ndi kope lake lija, aonetse mmene amagwiritsira ntchito akaunti, n'kufunsa kuti, "Pa kagwiritsidwe kotere, ndi akaunti iti kuno imene ingandidule zochepa?" Funso lomwelo akalifunsenso ku banki ina. Poyerekeza, asangoona ledger fee yokha. Akaunti yopanda chaji ya pamwezi ikhoza kukhala yodula pa katapidwe kalikonse, ndipo kwa munthu wotapa kawirikawiri imeneyo ndiyo yodula kwambiri. Aonenso kumene kuli nthambi, ATM kapena ejenti wa bankiyo. NBS ili ndi maejenti a Bank Pafupi, FDH ili ndi a Banki Pakhomo, ndipo mabanki ena ali ndi awo. Ejenti amene ali pafupi ndi benchi amapulumutsa ndalama ya minibasi ndi maola awiri amene okala ikanakhala yotseka, ndipo zimenezi sizioneka pa sitetimenti iliyonse.

Ndalama ya pakhomo

M'kope lija mudzaoneka chinthu china chimene sichikhudza banki kwenikweni. Machaji ambiri a pafoni ya bizinesi sachokera ku bizinesi. Ndi K3,000 ya ndiwo, K5,000 ya mwana wa kusukulu yogonera komweko, K2,000 ya mlamu amene wasowa yokwerera, K10,000 ya kumudzi kwa amayi. Zonsezi ndi zofunika, ndipo phunziroli silikunena kuti munthu aleke kuthandiza abale. Koma kutumiza kumudzi kanayi pamwezi ndi kulipira kanayi, ndipo amayi kumudziko akatapa kanayi nawonso amadulidwa kanayi, mwinanso kuyenda mtunda kukafika pa ejenti. Ndalama yomweyo itatumizidwa kamodzi, pa tsiku lodziwika, yambiri ikanafika m'manja mwawo. Zadzidzidzi monga matenda ndi maliro zilibe tsiku, koma zambiri zimene zimatumizidwa mwadzidzidzi zinali zodziwika kale kuti zikubwera.

Njira imene imathandiza ndi yoti wamalonda adzilipire yekha ngati wantchito. Kamodzi pa sabata kapena kawiri pamwezi achotse ndalama yoikika ya pakhomo, ndipo zonse za pakhomo zichokere pamenepo. Kuwonjezera pa kuchepetsa machaji, zimenezi zimaonetsa ngati bizinesi ikupindula kapena ikungodya mpamba, chinthu chimene sichingaoneke ndalama ya sopo ndi ya belo zikamatuluka pa nambala imodzi.

Amene makasitomala ake ambiri amalipira pafoni afunsenso ku kampani ya foni za nambala ya wamalonda, imene ambiri amaitcha till. Machaji ake amakhala osiyana ndi a nambala wamba, ndipo imasiyanitsa ndalama ya bizinesi ndi ya mwini wake. Makina a POS nawo amakopa makasitomala a khadi, koma pa malonda alionse banki imatengapo gawo lake kwa wogulitsa. Pa katundu wa phindu lochepa, monga shuga kapena mafuta ophikira, gawo limeneli liyenera kuwerengedwa makinawo asanabwere.

Pamene kuthawa chaji kumadula kuposa chajiyo

Wina akamva zonsezi akhoza kunena kuti bola kusunga ndalama m'nyumba. Maganizo amenewa ndi oopsa. Misika ya m'mizinda yathu yakhala ikupsa, akuba amadziwa tsiku limene wamalonda amapita kokaoda, ndipo ndalama ya pansi pa matiresi ilibe wokaifunsa ikasowa. Ndalama ya ku banki ili ndi chitetezo china kudzera ku bungwe la Deposit Insurance Corporation, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2022 kuti lizibwezera osungitsa ndalama, mpaka pa mlingo woikika, banki ikagwa. Komanso tsiku limene wamalonda adzafune ngongole yokulitsira bizinesi, banki idzafuna kuona mmene ndalama yakhala ikuyendera mu akaunti yake. Amene wakhala akuthawa banki zaka zisanu adzapezeka alibe mbiri yoonetsa.

Chinanso ndi chizolowezi chopatsa ejenti ndalama yapamanja kuti ailowetse mwachindunji pa nambala ya munthu wina, pofuna kuzemba chaji yotumizira. Pa foni ya wolipirayo sipatsala umboni ulionse. Wopikulitsa akadzakana kuti sanalandire, kapena ejenti akalakwitsa nambala imodzi, munthu amatsala ndi mawu ake okha. Pa K2,000 mwina n'zopirika. Pa ndalama ya belo si nzeru. Kulowetsa ndalama pa nambala yako kwa ejenti n'kwaulere, ndipo chaji yotumizira ndi mtengo wa risiti.

Pa ndalama imene sikufunika msanga, monga yosungira makina atsopano osokera, pali malo ena kupatula banki. Ma SACCO si achilendo kwa Akatolika: Mpingo unali m'gulu la oyamba kuwalimbikitsa m'Malawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo bungwe lowasonkhanitsa la MUSCCO linakhazikitsidwa mu 1980. Mu SACCO membala ndi mwini wake, ndipo phindu likapezeka limagawidwa kwa mamembala. Asanalowe, munthu aonetsetse kuti SACCO imeneyo ili ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank. Banki m'khonde ilibe ledger fee, n'zoona, koma chitetezo chake chonse chagona pa kukhulupirika kwa msungichuma ndi kwa obwereka, ndipo ndi anthu ochepa m'tauni muno amene sanamvepo za gulu limene linatha ndi misozi mu December.

Machaji a ngongole akufuna phunziro lawolawo, koma chimodzi chinenedwe pano. Chiwongoladzanja chimene chimalengezedwa si mtengo wonse wa ngongole. Pamakhalanso ndalama yokonzera ngongoleyo, ya inshulansi, ndi chindapusa chochedwa kubweza. Tingongole ta pafoni timaoneka totchipa chifukwa nthawi yake ndi yaifupi: chaji ya 10 peresenti pa mwezi umodzi, kwa munthu wobwereka mwezi ndi mwezi, ndi 120 peresenti pachaka. Funso lofunsa asanasaine kapena kudina batani ndi lakuti: ndikulandira zingati m'manja, ndipo ndidzabweza zingati zonse pamodzi?

Chaji yosadziwika ikapezeka

Nthawi zina powerenga sitetimenti pamapezeka chaji imene mulibe mu mndandanda, kapena imene yadulidwa kawiri, kapena ndalama imene ATM sinatulutse koma mu akaunti yachoka. Anthu ambiri amangodandaula pa benchi n'kuzisiya, poganiza kuti munthu wamba sangalimbane ndi banki. Njira yodandaulira ilipo, ndipo siyolipira. Poyambira ndi ku banki komweko kapena ku kampani ya foni. Dandaulo likhale lolembedwa, lotchula tsiku, ndalama yake ndi nambala ya katumizidweko imene imaoneka pa uthenga kapena pa sitetimenti. Wodandaula asunge kalata ina yofanana nayo imene banki yadindapo chidindo cha tsiku lolandirira, ndipo ngati wadandaula pafoni, apemphe nambala ya dandaulo lake n'kuilemba m'kope.

Banki ikapanda kuyankha, kapena yankho lake likakhala losakhutiritsa, nkhaniyo ikhoza kupita kwa Registrar of Financial Institutions, udindo umene uli m'manja mwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi potsatira lamulo la Financial Services Act la mu 2010. Likulu la Reserve Bank lili ku City Centre kuno ku Lilongwe. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalonso limalandira madandaulo a ogula amene akuona kuti achitiridwa zachinyengo pa malonda. Konseku chimene adzafunse poyamba ndi umboni woti wodandaula anayamba wapita ku banki yake, choncho kalata yodindidwa ija ndi sitetimenti yoonetsa chajiyo zipite nawo limodzi.